Chipanda Chimene Chinandisandutsa Woombeza

Mpaka lero ndikaona chipanda ndimayang'ana kumbali. Chinatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito ndi mgonero womwe.

Zinachitika m'zaka zimene amuna a kumapiri a Dowa ankapita ku Halale wapansi. Ine ndinali nditangotumizidwa kukaphunzitsa pakasukulu ka mpingo kofolera ndi udzu, kumalire ndi Ntchisi. Ku mishoni mzungu anali atatiphunzitsa aljebra, masamu ofufuza nambala yobisika yotchedwa x, ndipo mtima unkandiyabwa kufuna kuonetsako ena. (Palibe anandituma. Ntchito yanga inali a, e, i, o, u ndi kuphatikiza basi.)

Ndinalemba x pabolodi. Ophunzira anga, ena andevu, ena ana ali kumsana, anayang'anana.

"Aphunzitsi," anatero Nachisale, mayi wosasunga mawu m'kamwa, "ngati nambalayo yabisala, yafuna yokha. Isiyeni."

M'mawa mwake ndinabwera ndi chipanda ndi mtedza. Ndinatembenukira kukhoma n'kuuza Nachisale kuti aponye njere m'chipandamo osandiuza kuchuluka kwake. Kenako aike pansi mulu wofanana nazo kawiri, awonjezepo zitatu.

"Pansipo zilipo zingati?"

"Khumi ndi imodzi."

Chotsani zitatu, gawani pawiri. Yankho ndinali nalo kale. Koma m'malo mofotokoza njirayo, ndinafuna kukometsa. Ndinanyamula chipanda, ndinatsinzina, ndinachigwedeza pafupi ndi khutu, milomo ikuyendayenda.

"Muli zinayi!"

Anakhuthula. Zinayi. Bambo wina amene anakhala pafupi ndi khomo anatuluka osatsanzika. Ine ndinayesa kuti wagoma ndi nzeru zanga, choncho ndinabwerezanso, maso chitsinzinire.

Loweruka ndikuchokera kudimba ndinapeza a Kwenda, mlimi wa kutsidya kwa mtsinje, atanjuta pakhonde panga.

"Mbuzi yanga yaikazi yasowa. Tagwedezani chija, mundiuze amene watenga."

"Bambo, ajatu ndi masamu."

"Dzina lake lililonse, ine sinditsutsa. Nkhuku ndapereka kale kwa amayi."

Ndinathamangira kuseri. Mkazi wanga anali atamaliza kale kuisosola. (Inali yonona, ndisaname.)

A Kwenda asanachoke, kunabwera mayi wofuna kudziwa ngati mwamuna wake wakwatira ku Halale. Pambuyo pake wina wa mwana wodwala. Ndinayamba kuzungulira njira ya kumanda popita kusukulu, koma nakonso ankandidikirira. Ndikamva "Odi!" ndinkalowa m'nkhokwe.

Kenako anandiitana a Mbewe, mkulu wa mpingo, mlamu wake wa a Kwenda. Lamulo ndinkalidziwa: woombeza ula amaimitsidwa mgonero, ndipo mphunzitsi woimitsidwa amalongedza katundu. Akulu anakhala pabenchi, chipanda changa chili pakati ngati mbala yogwidwa.

"Unatsinzina?" anafunsa a Mbewe.

"Ndinatsinzina, bambo."

"Unagwedeza?"

"Pang'ono."

"Nkhuku unadya?"

Ndinayang'ana pansi.

"Ndiye tikaulembere chiyani mishoni? Kuti ndiwe mngelo?"

Ndinapempha chinthu chimodzi: a Mbewe atembenukire kukhoma, ine ndiponye mtedza. Anakana, akulu anzawo n'kuwakakamiza. Ndinaika mulu pansi monga kale n'kuwauza kuti zilipo khumi ndi zitatu.

"Tsopano bwererani m'mbuyo, bambo. Zitatu zoonjezera zija zichotseni."

Anawerenga zala, thukuta lili kamukamu. "Khumi."

"Khumilo ndi milu iwiri yofanana. Umodzi?"

Anawerenganso zala. "Zisanu?"

Ndinakhuthula chipanda. Zisanu! A Mbewe anadzuka ngati akhalira moto, akuyang'ana manja awo. Mkulu wina anayamba kuseka.

"A Mbewe, nanunso mwayamba ula? Tilembe maina awiri?"

Mlandu unathera pomwepo. Anagamula kuti ndibweze nkhuku, ndipo masamu otere ndizichitira m'mbale yovundikira, maso ali tong'o. Ndinaphunzirapo kuti njira uzionetsa poyamba, zokometsera pambuyo.

Tikutuluka, a Mbewe anandikokera kuseri kwa tchalitchi, nayang'ana uku ndi uku.

"Aphunzitsi, ndamvetsa ndithu kuti si ula," ananong'ona. "Koma mbuzi ya mlamu wanga ija, tikaitcha x, singapezeke?"