Nkhope Imene Pulofesa Anaidziwa

Basi ya ku Chipata inafika pa Lundazi Loweruka masana itavala fumbi mpaka padenga, ndipo inatsitsa munthu wopanda womuchingamira. Anali wamtali, wa imvi za apa ndi apo, chipsera chitadula nsidze yake ya kumanja. Sanafunse njira. Anadutsa pakati pa milu ya mtedza ndi kapenta mumsika, kachikwama kachikopa kali m'khwapa, n'kukalowa m'shabini ya Ennie ngati munthu amene anaiwalamo chipewa dzulo lake.

M'shabini imeneyo, chaka cha 1995, ndi mmene munali likulu la mbava zitatu zimene chiyambireni ntchito zinali zitangobapo nkhuku imodzi, yodwala chitopa.

Mtsogoleri wawo anali Danwell Mtonga, amene ankafuna kuti anthu azimutcha Pulofesa. Sukulu anaisiyira mu giredi seveni, koma za mafilimu ankazidziwa mpaka za kuchipinda. Ankadziwa kuti wadazi amene amagwa pamwamba pa sitima m'filimu ya karate ndi mlamu wake wa uja wachigamba padiso wa m'filimu ya nkhondo. Ankadziwa kuti mkazi wolira pamvula m'filimu ya Chimwenye anali atamupaka anyezi, ndiponso kuti galu wa m'sewero la pa tivi la Lachinayi ndi yemweyo amene amaluma msilikali m'filimu ina, anangomumeta. Zina ankaziwerenga pazikuto za matepi. Zambiri zinkamera zokha m'mutu mwake ngati bowa.

Wachiwiri anali Evans, wotchedwa Sitelingi, dzina la munthu uja amene safa m'filimu ngakhale amuwombere kakhumi. Wachitatu anali Levy, wowonda ngati bango, amene anzake ankamutcha Woyamba Kufa.

Pulofesa anali ndi bala mumtima. Masabata atatu m'mbuyomo, Amayi Petronella, mwini nyumba ya vidiyo ya pamsika, anamugwira kolala n'kumutulutsa anthu akuona, chifukwa ankaulula mathero filimu isanafike n'pakati pomwe. Anamuletsa kupondanso pakhomo pawo. Kuyambira tsiku limenelo Danwell ankangozungulira kunja ngati mzimu wosowa manda, akumvera zibakera pa sipika ya panja, ndipo ana a pamsika anayamba kumuitana dzina lake lenileni. Chimene ankafuna chinali chimodzi: nyumba ya vidiyo yakeyake ku Mwase, kumene akanayankhula mpaka kukhosi kuuma popanda womugwira kolala.

"Manje mvelani," anatero, akukankhira pambali chikho cha masese. "Deki yolizila matepi, tivi, jeneleta na matepi onse. Mbava zopusa zimaba usiku, pamene alonda ali maso. Ise tizaba mawa m'mawa, pa Sondo, Lundazi yonse ili mu chalichi."

"Nanga loko?" anafunsa Sitelingi. "Loko wa amayi aja ni wamkulu monga mutu wa Levy."

"Mutu wanga wabwela bwanji mu nkhani?" anadandaula Levy.

Maso a Pulofesa anali atakakamira pakona, pamene mlendo uja ankamwa fanta mwakachetechete. Nkhope imeneyo ankaidziwa. Anali ataiona kwinakwake, kambirimbiri, ili phee, yosaphethira. Ndipo kwa munthu ngati Danwell, nkhope yodziwika ikanachokera kuti kupatula pagalasi la tivi?

"Anyamata, musacheuke," ananong'ona. Onse awiri anacheuka. "Uja ni Maloko."

"Maloko uti?"

"Wa mu filimu ya ku Joni, ya akuba golide ku mgodi. Uja amatsegula sefa na waya wa bulawuzi. Ni yemweyo anali dalaivala wa ambulansi mu sewelo la manesi, ndipo mkazi wake ni uja amavina pa malonda a sopo."

"Maloko anafa," anatero Sitelingi. "Anamuwombela pa mlatho, ninaona na maso anga."

Pulofesa anamuyang'ana ndi chisoni chimene mphunzitsi amayang'ana nacho mwana wobwereza kalasi kachitatu. Kenaka anadzuka, anakonza malaya, napita pakona paja.

"Monile, adada."

"Yewo," anayankha mlendoyo.

"Munthu wa ku Joni akamba Chitumbuka?" anafunsa Levy kumbuyo.

"Amaphunzila, ndiye nchito yawo," anatero Pulofesa osacheuka. "Adada, osadandaula, chinsinsi chanu chili m'manja abwino. Nikudziwani."

Mlendoyo anaika botolo pansi. Anamuyang'ana Danwell nthawi yaitali, kuyambira ku nsapato zong'ambika mpaka ku magalasi akuda amene anali ndi diso limodzi losweka.

"Ndiwe Danwell? Mwana wa Anyazimba a ku Mphamba?"

Danwell anatembenukira kwa anzake, chifuwa chitatupa ngati cha nkhunda yaimuna. "Mwamva? Mbili yanga yafika mpaka ku Joni."

Ndipo popanda kufunsidwa anakhala pansi n'kukhuthula pulani yonse, kuyambira pa loko mpaka pa wilibala yonyamulira katundu. Mlendoyo anamvetsera osadula mawu. M'maso mwake munadutsa kanthu kena, kofanana ndi mtambo wodutsa pamunda wa fodya, koma Pulofesa anakawerenga ngati ulemu wa katswiri kwa katswiri mnzake.

"Loko uja ningatsegule," anatero mlendoyo pomaliza. "Nifuna nione mmene ugwilila nchito."

Lamulungu m'mawa msika unali zii. Mabenchi a ogulitsa anali ataphimbidwa ndi masaka, ndipo nyimbo za m'matchalitchi zinkabwera ndi mphepo kuchokera mbali zitatu. Mbava zinafika ndi wilibala yolira ngati mwana wa mbuzi. Sitelingi anali atamanga kansalu kofiira pamphumi. Levy anali atavala jekete ya mvula kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, chifukwa Pulofesa anati akatswiri amavala choncho.

Nyumba ya vidiyo inali ya njerwa zosawotcha, ya khomo limodzi. Mawindo ake Amayi Petronella anawatseka ndi njerwa kalekale kuti mkati muzikhala mdima. Mlendo uja anaima pakhomo, anawapatsa msana, ndipo asanapume kawiri loko anali atagwa m'dzanja lake.

"Mwaona?" ananong'ona Pulofesa, misozi ili pafupi. "Monga mu filimu."

"Ine namva monga kiyi," anatero Levy.

"Iwe umamva zambili."

Mkati munkanunkha thukuta la dzulo ndi makoko a mtedza. Tivi inali pathebulo itafunditsidwa nsalu yoluka, deki ili pansi pake, matepi ali m'katoni. Ntchito yonse inali ya mphindi zisanu. Sitelingi anali atanyamula kale katoni ija pamene diso lake linagwera pa tepi ya pamwamba, ya akuba golide. Anaiyandikiza kukhomo kuti aione bwino, kenaka anayang'ana mlendo uja, amene anali atakhala pabenchi ya kumbuyo miyendo atapingasa.

"Pulofesa, chipsela cha Maloko chili kumanzele. Cha mudala uyu chili kumanja."

"Kamela imatembenuza."

"Apa Maloko ali na khosi monga ng'ombe."

"Anaonda. Ku Joni kuli mavuto."

"Ine nikuti si yemweyo," anatero Sitelingi. "Ndipo uja wadazi wa pa sitima si mlamu wa munthu aliyense. Umangopeka, Danwell."

Dzina limenelo linamulasa kuposa mpeni. Mbava yanzeru ikanameza mawuwo, kukweza katundu pawilibala, n'kukatsutsana bwino ku Mwase. Koma Danwell anali atanyozedwa pamaso pa munthu wa m'filimu, ndipo umboni unali m'manja mwa Sitelingi momwemo.

"Ika pansi katoni. Levy, lizani jeneleta."

"Manje?"

"Mphindi ziwili chabe. Nimuonetse mbuli uyu, tizipita."

Levy anatuluka, anazungulira kuseri, anakoka chingwe katatu, jenereta n'kuyamba kukhosomola. Tivi inayaka. Pulofesa analowetsa tepi n'kudina batani lothamangitsa filimu, pakuti Maloko amatulukira pakati penipeni. Deki inangolira ngati njuchi, osathamanga.

"Batani ilo linafa," anatero mlendoyo modekha kuchokera kumbuyo. "Muzayamba poyambila."

Palibe anafunsa kuti wadziwa bwanji. Anakhala pabenchi ya kutsogolo, atatu onse, n'kuyamba kuonera.

Tsono aliyense wa pa Lundazi ankadziwa chinthu chimodzi, ndipo atatuwa ankachidziwa kuposa onse: Amayi Petronella analibe belu kapena chikwangwani cha nthawi. Jenereta ikalira, sipika yopachikidwa pamtengo panja n'kuyamba kulavula mfuti, ndiye kuti filimu yayamba. Sipikayo inkamveka mpaka kusiteshoni ya mabasi.

Oyamba kufika anali amakaniko awiri a njinga. Anasuzumira, anaona kuti pakhomo palibe wolipiritsa, nalowa mwaulemu. Kenaka anabwera ometa tsitsi, ogulitsa makala, ndi amuna ena amene akazi awo ankakhulupirira kuti ali m'tchalitchi. Mapemphero oyamba atatha kunabwera chigulu, mabuku a nyimbo ali m'manja, uthenga utafalikira kuti lero n'zaulere. Wina anakankhira wilibala pambali kuti apeze poimika njinga.

Levy anakoka malaya a Pulofesa. "Abwana, kumbuyo kwadzala."

Danwell anacheuka. Anaona mitu pamwamba pa mitu mpaka kukhomo, maso onse akuwala ndi kuwala kwa tivi. Munthu wina aliyense akanaona ndende. Iye anaona chimene anachilota masabata atatu. Anadzuka pang'onopang'ono, anaima pambali pa tivi, nakonza magalasi ake.

"Uyu wa chipewa muona apa," anayamba, mawu akunjenjemera ndi chimwemwe, "musamukhulupilile. Ni kazitape. Azafa pa mlatho pamodzi na Maloko. Ndipo mu moyo weniweni ni mwana wa uja amaphika pa tivi pa Chiwili."

"Khala pansi, iwe," anakuwa wina.

"Golide sazaipeza. Ili mu thanki ya ambulansi."

Chikoko cha chimanga chinamudutsa pakhutu. Iye anapitiriza. Sitelingi anayesa kuloza kukhomo, koma panalibe poponda, ndipo amayi ena onenepa anamukhazika pansi ndi chigongono chifukwa ankawatchinga.

Amayi Petronella anamva jenereta yawo ali pakhomo la tchalitchi, akupatsana moni ndi abusa. Sanathamange. Anayenda ndi yunifolomu yawo yoyera ya chigwirizano, amuna anayi a komiti ya msika ali pambuyo, ndipo asanafike n'komwe anamva mawu amene ankawadziwa bwino akuulula amene adzakwatire mwana wa bwana wa mgodi. Anthu anawapatukira ngati madzi.

Nthawi yomweyo pagalasi panatulukira Maloko.

Anali wamfupi, wonenepa, wopanda dzino limodzi la kutsogolo, mutu uli ngati dzungu. Sitelingi anayang'ana pagalasi, anayang'ana mlendo wamtali uja, kenaka anaseka mpaka kugwa pabenchi, ndipo anali akusekabe pamene a komiti ankamumanga manja ndi kansalu kake kofiira komwe. Levy anadzipereka yekha asanafunsidwe, mogwirizana ndi dzina lake.

Anawakhazika panja padzuwa, pafupi ndi wilibala yawo, khamu litawazungulira. Amayi Petronella anatembenukira kwa mlendo uja, manja ali m'chiuno.

"Imwe, dzulo madzulo munaniuza kuti mudziwa makina, nakupatsani kiyi kuti munikonzele batani la deki, manje mwanibweletsela makoswe?"

"Pepani, amama. Deki nizakonza lelo. Koma ninali na nchito ina, yofuna kuona na maso."

Anayenda mpaka pamene panakhala Danwell, nagwada pa bondo limodzi kuti ayang'anane. Anayankhula motsitsa, koma khamu linali chete moti aliyense anamva.

"Ine nigwila nchito ku nyumba ya kanema ku Kitwe, yeniyeni, ya mipando mazana anayi. Zaka makumi awili na zitatu niyendetsa makina kumeneko, ndipo maso ayamba kufooka. Abwana ananiuza kuti nipeze wachinyamata wokonda mafilimu, nimuphunzitse, atenge malo anga. Amama ako analemba makalata anayi. Akuti mwana wanga ni wanzelu, palibe filimu imene saidziwa, asowa chabe mwayi. Ndiye nabwela kuti nimuone." Anapukuta fumbi pabondo. "Namuona."

Danwell anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'moyo wake simunatuluke mathero a chilichonse. Mipando mazana anayi inamudutsa m'maso, umodzi umodzi, ikuzimiririka.

"Koma nkhope yanu niidziwa," anatero potsiriza, ndi mawu aang'ono. "Ninakuonani. Ni filimu iti?"

"Palibe filimu. Pa chipupa cha amama ako ku Mphamba pali chithunzi cha ukwati wawo. Wakula uchiyang'ana tsiku na tsiku pamene ukudya. Amene waimilila kumbuyo kwa mkwatibwi, wa suti yobweleka, ni ine."

Amayi ena m'khamumo anagwira pakamwa. Mmodzi wa amakaniko aja anafunsa mokweza ngati Pulofesa angawauzeko kuti ameneyu ndi mlamu wa ndani, ndipo msika wonse unagwa ndi phwete.

Mlendoyo sanaseke. Anatola kachikwama kake, nayang'ana mwana wa mlongo wake komaliza.

"Udziwa alamu a anthu a ku Hong Kong, koma mlongo wa amama ako sumudziwa. Ndine sibweni wako, malume ako. Haswell Zimba."