Tsiku limene mbuzi zinadya chisakasa changa

"A Tcheya, mwatidyetsa kwa mbuzi! Kusekondaleko munkaphunzira kuthira mchere pakhoma?"

Anakuwa choncho ndi mai Fulanja, mlembi wa kalabu yathu ya alimi ya kwa Tengani, pakati pa bwalo la chiwonetsero cha zaulimi. Ine ndili ndi mtima wapachala, sindibisa. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano, chifukwa abusa athu amawerenga.

Nkhani inayamba chonchi. Chaka chilichonse kalabu yathu inkamanga chisakasa choikamo mbewu zathu kuchiwonetsero: mitengo yaiwisi, misomali, pepala lapulasitiki. Chiwonetsero chikatha, mitengo ija inkathera pamoto, pepala n'kuuluka ndi mphepo. Chaka chimenecho alangizi analengeza kuti kalabu yopambana idzalandira pampu yopondaponda, ndipo ife tinkaifuna kwambiri, chifukwa kudimba tinkathirira ndi ndowa mpaka misana kuuma.

Ndinaimirira pamsonkhano. "Ulendo uno timanga chisakasa chokhalitsa. Bango, mphasa ndi mlaza basi. Msomali ayi. Chiwonetsero chikatha timasula, tipinda, tikweza pangolo. Chaka chamawa chomwecho."

"Nanga chiswe ndi anankafumbwe?" anafunsa mai Fulanja.

"Zimenezo siyirani anthu ophunzira," ndinatero. (Yankho ndinalibe. Ndinalipeza ndili panjinga pobwerera kunyumba.)

Ndinaganiza motere: nsomba ikathiridwa mchere imakhala miyezi osaola. Nanga mphasa ingakanike bwanji? Ndinasungunula mchere wambiri mumgolo, n'kuviikamo mphasa, bango ndi mlaza yemwe, masiku atatu. Zitauma zinkanyezimira ngati zogula kusitolo. Mkazi wanga anangofunsa kuti, "Bambo, mphasazi tidyera nsima?"

Titafika kubwalo, anatipatsa malo padzuwa. Inu mukulidziwa dzuwa lakwathu kuno, limapsereza ndi maganizo omwe. Pansi pa mtengo wa nimu panali mthunzi wabwino, koma anali ataikapo kale khola la mbuzi za a Zuze, mkulu wa kalabu ya oweta ziweto. Ndinakangana ndi alangizi mpaka anatopa nane.

"Mangani pomwepo, achimwene, bola musiye phokoso."

A Zuze anandichenjeza m'Chisena chawo chosakaniza. "Xamwali, nkhabe, musamange pafupi. Mbuzi zangazi zilibe ulemu."

"Mbuzi sizidya mphasa youma," ndinatero. "Mwaweta zaka zonsezi osadziwa?"

Chisakasa chinaima, ndipo ndinene zoona, chinali chokongola. Mapira uku, mchewere uku, thonje pamwamba. Anthu ankabwera kudzagwira mfundo zanga za mlaza. Ine chifuwa chinakula. Mlendo wolemekezeka atafika, tonse tinathamangira kumsewu kukamulandira, ndipo ine ndinapita patsogolo penipeni kuti andione nkhope.

Tikubwerera, ndinaona denga la chisakasa likugwedera, chonsecho mphepo kunalibe.

Tonde wa a Zuze, mbuzi yaikulu ngati mwana wang'ombe, anali atatulutsa mutu pakhola n'kunyambita khoma. Atamva mchere anathyola khola, zinzake n'kutsatira. Sizinayambe ndi mapira ayi. Zinayamba ndi mfundo zanga. Paja ndinakana misomali, ndiye mfundo iliyonse ikatafunidwa, bango linkagwa lokha mwaulemu, ndendende mmene ndinakonzera kuti lizimasuka mosavuta.

Ndinathamanga ndi kuvula nsapato kuti ndigende. Ndinaphonya tonde, nsapato n'kukagwa pamapazi a mlendo wolemekezeka. Ndinagwira mphasa imodzi mbali ino, tonde mbali inayo, tikukokana. Kenaka denga linatigwera tonse awiri. Potuluka ndinali ndi thonje kumutu, tonde ali ndi theka la mphasa kukamwa, akutafuna mosathamanga.

Mlendo uja anayang'ana mulu wa bangowo n'kufunsa, "Apa mukuonetsa chakudya cha ziweto?"

Apo m'pamene mai Fulanja anakuwa zija.

Choipitsitsa chinabwera masana. Oweruza anayendera mbuzi, napeza tonde mimba ili ndendende, ubweya ukuwala, maso ali gwa. Anampatsa nambala wani. Pampu inapita ku kalabu ya a Zuze, anthu oti dimba lawo ndi laling'ono ngati mpango. Pangolo pobwerera palibe anandilankhula. Ngakhale ng'ombe zinkayenda ngati zandikwiyira.

Munthu wanzeru akanapepesa kwa anzake n'kutula pansi utcheya. Ine m'mawa mwake ndinapopa njinga, ndinatenga chingwe, ulendo kwa a Zuze. Ndinawapeza akutsuka m'kamwa.

"Mwadzuka bwanji, xamwali? Mwabwera kudzapepesa mbuzi?"

"Ndabwera kudzatenga pampu. Tonde wanu anapambana ndi mimba ya chisakasa changa. Theka la mphothoyo ndi lathu."

Anaseka mpaka kutsamwa. Ine sindinaseke. Ndinakhala pakhonde pawo, n'kuvula nsapato, n'kuwauza akazi awo kuti tiyi ndimamwa wa shuga wambiri ndipo masana ndidya pomwepo. Dzuwa lisanafike pamutu, a Zuze anatulutsa pampu ija okha, n'kundithandiza kuimanga panjinga.

"Muzithirira nayo Lachiwiri ndi Lachisanu basi," anatero. "Koma chaka chamawa mudzamangenso pafupi ndi ife."