Tsiku Limene Ndinasanduka Mfiti ku Kanduku

Mpaka lero ndikamadutsa ku Kanduku ndimatsitsira chipewa kumaso, chifukwa kuli amayi ena amene anandionapo zinthu zoti munthu wamkulu saonetsa pagulu.

Zinayamba ndi azakhali anga a ku Tete. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique banja lathu linathawira kuno ku Mwanza, ndipo mwana wawo woyamba, Luwiza, anamwalira ali wamng'ono n'kuikidwa kuseri kwa tchalitchi chakale cha njerwa. Nkhondo itatha iwo anabwerera kwawo, bambo anga n'kutsala. Pano azakhaliwo miyendo inawakana, sangathenso kukwera basi. Anandiimbira foni.

"Mwana wa achimwene, ukandijambulire pamene pagona Luwiza. Ndipaoneko maso asanatseke."

Nthawi imeneyo n'kuti nditagwidwa ndi matenda a ujambuli. Usiku ndi usana ndinkaonera timafilimu ta pafoni tophunzitsa kujambula manda ndi matchalitchi akale: dikira dzuwa lipendeke, chinthu usachiike pakatikati, tsika pansi kuti mtanda uoneke wamtali, kenako chotsa mitundu yonse chithunzi chikhale chakuda ndi choyera. (Akazi anga ankati mbuzi zathu zokha ndi zimene zinkapirira nane.)

Ndinakwera kabaza kuchokera pa Boma. Ulemu ndinachita, musandinene. Ndinayamba kwa a Phiri, mkulu wa mpingo, amene anandilozera kamtanda kachitsulo pafupi ndi mtengo wa manachesi.

"Jambulani ndithu, ine ndikamangirire ng'ombe," anatero.

Ndinajambula kamodzi nditaimirira, mongoyesa. Chinatuluka chithunzi wamba, choti aliyense angajambule. Ndinagwada. Denga la tchalitchi linkaoneka ngati lamera pamutu pa mtanda. Ndinasendera kumanzere. Mtengo unatchinga zenera la tchalitchi lopindika pamwamba, limene ndinkalifuna kwambiri. Pamapeto pake ndinagona chafufumimba pakati pa mitumbira iwiri, chibwano m'dothi, kudikira kuti dzuwa lilowe pazenera n'kugwera pa dzina la Luwiza.

Kuwala kunabweradi, kokongola kosaneneka. Linthumbu nalonso linabwera.

Amene linakulumanipo mukudziwa kuti siliyamba msanga. Limakwera mwakachetechete mpaka litafika kumene likufuna, kenako n'kuluma lonse nthawi imodzi ngati lapangana. Ndinadzambatuka n'kukuwa mawu amene sindingathe kuwalemba. Ndinavula malaya. Sizinathandize. Ndinavula buluku, n'kuyamba kudumphadumpha ndikudzimenya ntchafu, thupi lonse lili mbuu ndi fumbi.

Nthawi yomweyo panjira pankadutsa amayi ochokera kotola nkhuni. Tangoganizani zimene anaona: mwamuna watuluka pansi pakati pa manda, ali ndi kabudula wamkati yekha, akuvina.

"Mayo ine! Mfiti! Mfiti masanasana!"

Mitolo inagwa uku ndi uku. Ine m'malo moima, ndinawathamangira kuti ndikafotokoze (nzeru zinali zitatsala m'buluku), ndipo iwo anawonjezera liwiro. Mmodzi yekha, mayi wa thupi ndithu, anatembenuka atagwira chikuni.

"Ima pomwepo! Wadya ndani?"

"Amayi, ndine amene ndikudyedwa!"

Mwamwayi a Phiri anatulukira akuthamanga. Ataona mzere wa linthumbu pamwendo panga, anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola. Mayi uja, amene ndinamva kuti ndi a Nambewe, anataya chikuni n'kundiponyera chitenje.

"Fundani kaye, bambo, tizilankhula ngati anthu."

Nditawauza a Nambewe za azakhali, nkhope yawo inasintha. Anati amayi a mpingo amalambula manda onse, koma kamtanda kaja amakasamalira ndi iwowo, poti sanaonepo wachibale akubwera. "Ndinkati mwana ameneyu asakhale yekha," anatero.

Kunyumba ndinakonza chithunzi chogona pansi chija, kuchidetsa m'mbali, mitambo ili bii. Ndinachitumiza monyadira. Azakhali anaimba foni nthawi yomweyo.

"Bwanji kuli mdima chonchi? Mwana wanga ali pamalo oopsa chotere?"

Mwamanyazi ndinatumiza choyamba chija, chongoimirira. Atachiona anati:

"Eya, apa ndiye pomwepo. Dothi lofiira lomwe lija. Nanga palambulidwa bwino chonchi, akusesa ndani?"

Ndinawauza za a Nambewe, koma nkhani ya chitenje ndinaidumpha. Analira, kenako anati ndikawaperekere obrigada wawo, zikomo wa Chipwitikizi, kwa a Nambewe pamaso, osati pafoni.

Ndinapitadi, nditavala bwino. Ana a m'mudzimo atangondiona anayamba kudumphadumpha akudzimenya ntchafu.

Kaya ndinaphunzirapo kanthu, sindikudziwa. Sabata yatha ndinaona tchalitchi china chakale cha kwa Nthache, dzuwa litapendeka bwino, ndipo ndinagonanso pansi. Kungoti masiku ano miyendo ya buluku ndimayamba ndaipisa m'sokosi.