Galimoto ya Masamu Yandilanditsa Maikolofoni

Lolemba

Zatheka! Komiti ya ukwati wa mphwawo wa a Sikwese, mkulu wa mpingo wathu, yasankha ine kuti ndidzayendetse mwambo Loweruka. Ine wa ku Thyolo, wogulitsa ndowa ndi mapoto pamsika wa pa Boma kuno ku Chitipa, amene mpaka lero amanditchula "mlendo uja". Loweruka likadutsa, dzina limeneli litha.

Zofunika:
- suti, ichapidwe
- moni wa Chitumbuka, ndiuloweze bwino
- funso la masamu a m'mutu, loti anthu aseke akamadikira mpunga

Funsolo ndi ili. Galimoto ya matola yanyamuka pa Boma ndi anthu asanu ndi awiri. Pa Lufita akwera atatu. Pachigayo atsika awiri. Pamlatho atsika asanu. Pa Kaseye wakwera mmodzi. Aliyense ali kalikiliki kuphatikiza ndi kuchotsera, ndiye ine mwadzidzidzi: galimotoyi yaima kangati? Palibe angayankhe, chifukwa mutu wonse unali pa okwera. Ubongo wa munthu suchedwa kupusa.

Lachiwiri

Ndikuyesera pa akazi anga, mayi a Chisomo.

"Matola ake ati onyamuka ndi anthu asanu ndi awiri? Amadikira idzaze."

Ndikuwauza kuti ndi galimoto ya m'maganizo. Tikufika pamlatho.

"Anthu asanu kutsikira pamlatho? Pali maliro?"

Palibe maliro! Pali masamu! Kumapeto kwa funso sitinafikeko n'komwe, apita kukaphula nyemba. Munthu kukhala ndi luso m'nyumba yopanda okuyamikira, zimawawa.

Lachitatu

Pamsika. Ndasonkhanitsa anzanga anayi, pamodzi ndi a Kayange ogulitsa mbewu, amene ndi wapampando wa komiti. Ndikufotokoza pang'onopang'ono, ndikuponya funso lomaliza, ndikudikira manyazi awo.

"Kanayi, adada," akutero a Kayange, osaganiza n'komwe.

Ndikufunsa kuti nanga m'galimotomo mwatsala angati.

"Kaya. Ine sindimawerenga, ndimangoona msewu."

Onse anayi chimodzimodzi! Palibe anavutika kuphatikiza ngakhale kamodzi. Ulesi wake umenewu! Kuti munthu apusitsidwe ayenera kuyamba wagwira ntchito, ndiye awa ungawapusitse bwanji?

Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Manambala okha sakuwakoka. Mawa ndiikamo anthu owadziwa.

Lachinayi

Chipambano!

Lero pa Lufita akwera a Sikwese, mwamuna wina wonyamula nkhuku, ndi mayi wina wa chitenje chofiira. Pachigayo atsika a Sikwese ndi mayi uja. Gulu lachuluka, maso onse pakamwa panga. Yaima kangati? Palibe wodziwa! Ngakhale a Kayange angoti kukamwa yasa.

Kenako wina kumbuyo akufunsa za mayi uja m'Chitumbuka: "Mwanakazi uyo ni njani?"

Ndikuti mayiyo alibe ntchito, tikuwerenga malo oima. Akuyang'anana. Ena akuchoka mothamanga, ndikuona ngati ndi manyazi olephera masamu.

Suti yauma. Mtima uli m'malo.

Lachisanu

Mtima wachoka m'malo.

Ndisanatsegule bwino, Mayi Sikwese afika, atembenuza ndowa yatsopano n'kukhalapo. Moni palibe.

Zimene ndamva kuti ndinanena dzulo:
- mayi wa chitenje chofiira ndi wa ku Tunduma, ku Tanzania
- ine ndinakhala mpando wakutsogolo, ndinaona zonse pagalasi
- wankhuku uja ndi wokonzeka kuchitira umboni

Wankhuku uti? Ndinamupanga ndekha, ndi nkhuku yake yomwe!

Ndikulumbira kuti kunalibe galimoto, kunalibe mayi, ndinangofuna anthu awiri ochotsera.

"Ngati kunalibe galimoto, adada, anapita pa chiyani?"

Ndikufotokoza za ubongo, mmene umathamangira chinthu chimodzi n'kusiya china.

"Anthu onse a m'Chitipa muno, bwanji mwachotsera mwamuna wanga?"

Madzulo komiti yakhala. A Sikwese aimirira kuti adziyeretse: "Kuchigayo ndinapitadi Lachitatu, kweni ndinali ndi chimanga basi." Bambo inu, simukanangokhala chete? Mayi Sikwese atuluka akulira, azimayi atatu pambuyo.

Chigamulo: maikolofoni apatsidwa mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene nthabwala yake ndi imodzi yomweyo chaka ndi chaka. Ine akuti poti ndimakonda kuwerenga, ndikayang'anire njinga pachipata. Ndakwiya, ndipo sindikubisa. Mlandu wanga ndi woti funso langa linagwira ntchito!

Loweruka

Pachipata cha holo, mu suti, padzuwa. Ndaimika njinga yanga pansi pa mtengo wa mango, ndiyo yoyamba. Chabwino, aone lero kuti masamu a m'mutu ndi chiyani. Pepala sindifuna.

Anthu a ku Kaseye akubwera m'magulu, ena akutulukanso kukagula zakumwa, ena akubwerera. Zalowa zisanu, zatuluka ziwiri, zalowa zisanu ndi imodzi. Wina akundipatsa moni, ndikungogwedeza mutu kuti nambala isathawe. M'katimo mphunzitsi uja wanena nthabwala yake. Aseka. Aseka ndithu, anthu opanda manyazi!

Mpunga sunandifike.

Mwambo watha, akutuluka. Ndikuchotsera imodziimodzi, maso pa matayala, osaphonya. Zinalipo 43, zatuluka 43. Yotsala palibe. Masamu oyera ngati amenewa, komiti ikanabwera kudzaona!

Ndikutembenuka kuti ndizipita. Pansi pa mango palibe kanthu.

Yanga ndinaiwerengera m'gulu lomwelo.

Lamulungu

Kutchalitchi wapansi, fumbi mpaka m'mawondo. A Sikwese ndi akazi awo akhala mabenchi osiyana, ndipo mpingo wonse ukuyang'ana ine. Potuluka mayi wina akulozera mnzake: "Mlendo wa galimoto uja ndi uyo." Dzina silinathe, langotalika.

Za masamu ndasiya. Ndizigulitsa ndowa.

Mayi a Chisomo akuti mawa tikanene za njinga kupolisi, ndiye ndiyesetse kukumbukira amene anaitenga. Wamtali? Wamfupi? Anavala chiyani?

Ndakhala pakhonde kuganiza masana onse. Ndikukumbukira belu lake likulira podutsa, ndikukumbukira ndikunena kuti "yewo, muyende bwino."

Nkhope sindinaione. Chomwe ndikudziwa n'choti itatuluka zinatsala 28.