Maswitchi Awiri, Babu Limodzi

Lolemba
Chipinda chatsopano chatha, penti wauma. Loweruka apongozi akubwera kuchokera ku Vubwi, adzakhala mwezi wathunthu akuonetsa maso kuchipatala kuno ku Katete. Chaka chatha anapunthwa mumdima pa sitepe ya mu kolido, bondo n'kutupa ngati dzungu, mbiri n'kufika mpaka kwa abale a ku Mozambique kuti mkamwini amagoneka anthu mumdima. Sizichitikanso!

N'chifukwa chake ndinauza a Mbewe, omanga aja, kuti babu la mu kolido likhale ndi maswitchi awiri: ina pakhomo pathu, ina m'chipinda cha apongozi. Aliyense aziyatsa ali kwake. Mkamwini ndi apongozi sapanikizana pa mpata wopapatiza.

Ndikuyesa. Yathu yayatsa. Ya uko yazimitsa. Ndabwerera ku yathu, zii! A Mbewe pa foni: "Ndili ku Sinda bwana, koma mawaya ali bwinobwino." Ndikonza ndekha. Wailesi yathu itafa anakonza ndani, si ine?

Lachiwiri
Ndagula tesita yoyezera magetsi pamsika. Ndayenda mu kolido uku ndi uku mpaka thukuta. Zomwe ndapeza:
– ya apongozi ikakhala pansi, yathu imagwira ntchito
– ya apongozi ikakhala m'mwamba, yathu n'chokongoletsa khoma
– msana ukuwawa
Ndiye kuti switchi ya apongozi ikulamula yanga, eni ake asanafike n'komwe. Ngakhale mawaya akudziwa mwambo!

Amake Tiya, mkazi wanga: "Bwanji osaitana odziwa?" Ndikuchita ngati ndikuwerenga pepala la tesita.

Lachitatu
Ndazimitsa magetsi a nyumba yonse kaye, moyo ndikuufuna. Ndamasula switchi yathu. Mawaya atatu, onse ofiira! A Mbewe anagula mpukutu umodzi basi. Ndasinthanitsa awiri amene amaoneka okayikitsa. Ndikamati ndiyese, magetsi apita tauni yonse. Kaya ndachiza kaya ndapha, ndidzamva mawa.

Lachinayi
Ndapha. Babu silikuyaka ngakhale pang'ono. Ndasintha babu, chimodzimodzi. Amake Tiya ali uko akukanikiza, ine kuno: "Pano?" "Palibe!" "Nanga pano?" "Ndiwo zikupserera!" Apita.

Ndikufuna kubweza mawaya mmene analili, koma ndani anali pati? Onse akundiyang'ana ndi kufiira kwawo. Mantha andigwira tsopano. Apongozi akangolowa m'chipinda chija ine sindipondamonso, ndipo switchi yachiwiri ili m'kati momwemo. Atsala masiku awiri.

Lachisanu
Ndameza manyazi. Kwabwera Mayi Tembo, okonza magetsi, amene amaimba kwaya ndi amake Tiya. Anthu awa anapangana kale Lachiwiri, ndikuona.

Amasula maswitchi onse awiri, ayeza waya uliwonse, amata katepi. Akuti switchi iliyonse ili ndi bowo limodzi lokhala palokha: kwathu kuno mulowe waya wobweretsa moto, kwa apongozi mulowe wopita ku babu, awiri otsalawo ndi ongolumikiza uku ndi uko. A Mbewe anasokoneza ya apongozi yokha. Yathu inali yabwinobwino.

Mayi Tembo: "Nanga yabwinoyi anaigwira ndani?" Ndaloza cha ku Sinda. Amake Tiya atsokomola.

Likuyaka kuno, likuzima uko! Likuyaka uko, likuzima kuno! Ndayenda mu kolido kasanu popanda chifukwa, mtima uli mbee.

Loweruka
Apongozi afika masana ndi thumba la mtedza ndi nkhuku yamoyo. Ndawalonjera ndili chapatali, nditanjuta pakhonde, maso pansi. Mwana wawo wawaonetsa switchi. Chakumadzulo ndamva kuti kwa! Kolido yawala, adutsa pa sitepe ija bwinobwino, abwerera bwinobwino. Ndapuma mpweya umene ndinausunga kuyambira Lolemba.

Lamulungu
Tabwerako ku tchalitchi, kunja kuli mitambo, mu kolido muli bii. Ndayatsa. Ndisanayende mapazi atatu lazima. Ndabwerera, ndayatsa. Lazimanso. Mtima wanga phaa! Ndathamangira tesita.

Amake Tiya akuseka mpaka kugwira khoma: "Si mawaya, ndi amayi. Akuti masana ano mayunitsi a magetsi akungopsa, mkamwini wawo asavutike."

Ndiye maswitchi akugwira ntchito ndithu. Iwo akamadutsa, kuwala. Ine ndikamadutsa, akundisungira mayunitsi. Kukawauza sindingathe, mkamwini satsutsa apongozi. Tesita ndaiika m'kabati.

Ndadutsa mumdima momwemo, ndapunthwa pa sitepe ija. Chala chatupa. Bola n'changa, za ichi ku Vubwi sakamva.