Nthenga za Kumchira

M'dziko la Mphepozinayi munali lamulo lakale lakuti nthenga ndi za kumutu basi, ndipo mutu wake unali umodzi, wa Mwinidziko Ndinendekha, amene chisoti chawo cha nthenga za nkhanga chinkaoneka eni ake asanatulukire. Tsono kunabwera chiwombankhanga chimene chinatha mbuzi m'makola, chozemba mikondo ngati chimachita kutsinidwa khutu. Ndinendekha anaitanitsa Tcheru, mmisiri wa mivi, namulamula kuti asule muvi wolondola mbalameyo kulikonse ingakhotere, ndipo ukaphonya, dzanja lake lamanja lidulidwa.

Tcheru anasula muvi wolemera kumutu, wokhala ndi diso lagalasi kunsonga, namanga ulusi kuchokera kudisoko kukafika ku nthenga zinayi za kumchira, kuti diso likaona mbalame ikukhota, nthenga zipendeke, muvi nawo ukhote. Pa tsiku loponya, bwalo litadzaza, Mwinidziko anaona nthengazo, nkhope n'kuchita tsinya.

"Mmisiri iwe, chiyambire makolo unamvapo kuti mchira wavala ulemu wa mutu? Zula nthengazo, uzisomeke kutsogolo!"

Tcheru anachita mantha, pakuti lodulidwalo linali dzanja lake, osati la lamulo. Anagwada nawomba m'manja. "Wamkulukulu, mthunzi wathu, mutu umaona ndithu, koma wokhotetsa ndi mchira. Mphepo imakankhira nthenga kumbuyo. Mukaziika kutsogolo, muvi utembenuka. Ndasula iwiri. Wanuwo ukhale monga mwalamula, wangawu muuleke."

Safunsa anadya phula. Nthenga za muvi umodzi zitasomekedwa kutsogolo, chiwombankhanga chija chinatulukira m'mwamba. Ndinendekha anakoka uta ndi manja awo, muvi wa nthenga kumutu unauluka pang'ono, unatembenuka, n'kubwerera ukuliza mluzu mpaka kukathyola chisoti chija, nthenga zili mbwee pabwalo. Anthu anayamba kutsokomola chifuwa chabodza. Apo Tcheru anaponya wake. Chiwombankhanga chinakhotera kumanzere, muvi nawo, chinatsika, muvi nawo, kenaka khuu! pansi. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya, ndipo Tcheru anakweza dzanja lamanja lija, lathunthu, misozi ya chimwemwe ili chuchuchu.

Pobwerera, Mwinidziko anatsogola monga mwa mwambo, kulunjika kunyumba yachifumu. Koma pamphambano, a kumbuyo ananyamula Tcheru pamapewa n'kukhotera kuchipala chake akuimba, apakati nawonso anakhota. Ndinendekha pocheuka anapeza msewu uli zii. Anaima, anakanda dazi, nawonso n'kukhota.