Chithunzi cha Mpata wa Ababa

Lolemba

Ndalonjeza chinthu ndisanaganize. Ambuye mundikhululukire, pakamwa pangapa pamathamanga kusiya mutu m'mbuyo.

Loweruka abambo a mpingo tikukwera phiri la kuseri kwa fakitale ya tiyi, kukasala ndi kupemphera. Ababa, bambo anga okalamba, ayimva nkhaniyi ali pa mphasa yawo pakhonde. Miyendo inawakana kalekale. Akuti pamwamba pa phirilo munthu amaona mpata umene iwo anadutsa ali mnyamata, pobwera kuno ku Honde wapansi, kuchokera ku Mulanje kudzera ku Mozambiki, kwa Apwitikizi. Chibwerere sanapondekonso kwawo. "Ukandijambulire mpatawo, ndiuone ndisanatsinzine." Ine msangamsanga: "Musadandaule, Ababa." Basi, ndadzimanga.

Vuto ndi ili. A Mbewe, mkulu wa mpingo, aletsa mafoni. Ulendo watha foni ya wina inalira nyimbo yovinira ya sungura pakati pa pemphero la odwala, ndipo ena anayamba kugwedeza mapewa. Tsopano mafoni onse adzatsala m'dengu kutchalitchi.

Ndiye pakufunika kamera. Ikhale:
yaing'ono, yolowa m'thumba la jekete;
yopepuka, mawondo angawa si a dzana;
yokoka zinthu zakutali;
yosaopa guti, kamvula kathu kowaza kaja;
yoti akazi anga, mayi a Tendai, asafunse mtengo wake.

Chomalizachi ndi chosatheka.

Lachiwiri

Mlamu wanga wa ku Ruda, wojambula maukwati, wandibwereka yake kuti ndiyese. Chikamera! Lenzi ngati munsi. Chikwama chake chikulemera ngati dengu la tiyi wonyowa.

Masana ndaikoleka m'khosi n'kukwera nayo kanjira ka m'munda wa tiyi, kuona ngati ndingapirire. Khosi layamba kudandaula ndisanafike pa shedi yoyezera masamba.

Choipa chenicheni si khosi. Azimayi othyola tiyi andiona. Onse asiya ntchito, akukonza mipango, akufuula m'chinenero chawo kuti ndiwajambule, "Mukoma, titoreiwo!" Ndipo ine, m'malo monena zoona kuti sindidziwa n'pokanikiza pomwe, ndagwada bondo limodzi monga amachitira mlamu. Ndatsinzina diso. Ndawauza asunthire kumanzere pang'ono. Nthawi yonseyo chivundikiro chili pa lenzi. Kapitawo wandikalipira pamaso pa anthu, akuti ndaimitsa mzere wonse.

Ndivomere: ndisanakalipiridwe ndimamva kukoma. Kunyada!

Madzulo mlamu wabwera kudzatenga katundu wake. Loweruka ali ndi ukwati. Akutinso kamera yake kuphiri singapite, "ingadwale chimfine." Nanga amandibwerekeranji?

Lachitatu

Ndapempha tsiku kuntchito. Ndati dzino. Dzinolo limawawadi nthawi zina, koma lero ayi. Bodza la theka ndi bodza ndithu.

Ndakwera kombi, minibasi ya ku Mutare. Nthochi za munthu wina pamiyendo panga njira yonse.

M'tauni sitolo iliyonse yankho limodzi: "Mudhara, kamera? Gulani foni!" Wina mpaka waitana mnzake kuti adzandione. Potsiriza ndapeza kabenchi kogulitsa zakale, masimbi ositira, mawotchi akufa, ndi makamera awiri.

Yoyamba ndi ya pinki, ili ndi timaluwa pambali. Imadya mabatire wamba, ogula pa golosale iliyonse. Wogulitsa akuti ngakhale m'madzi imajambula.

Yachiwiri ndi yakuda, yopyapyala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Ukaiyatsa, lenzi imasuzumira yokha ngati mutu wa kamba. Ndakokera nayo nkhunda imene inali padenga tsidya la msewu, mpaka ndaiona diso. Batire yake ndi yotchaja ndi magetsi.

Nzeru ikuti pinki. Kwathu magetsi amabwera ngati mlendo, osanena tsiku. Ndapemphera chamumtima ndili pomwepo, ndipo yankho ndalimva bwinobwino: pinki. Koma ndadziona ndili pamwamba pa phiri, pakati pa akuluakulu a mpingo, ndikusolola m'thumba kanthu ka timaluwa.

Ndagula yakuda.

Mayi a Tendai aitembenuza uku ndi uku. "Ndiyo imeneyi?" Andibwezera. Madzi osamba andipatsa ozizira.

Lachinayi

Magetsi kulibe. Ndinadziwa!

Che Saidi, mnansi wathu, ali ndi sola padenga. Anditchajira, Mulungu awadalitse, ngakhale anaseka kaye.

Yayaka. Mavuto atsopano awiri.

Loyamba: imalankhula chinenero chachilendo, mawu aatali okhala ndi timadontho pamwamba. Chingerezi cha Fomu 4 sichikuthandiza kanthu.

Lachiwiri: memori khadi ndi yodzaza ndi zithunzi za eni ake akale. Banja la azungu. Agogo aakazi akuzimitsa makandulo a keke. Galu wovala juzi. Mapiri oyera ndi chisanu. Kenako kunyanja, anthu akuluakulu, ena a imvi, atavala zinthu zoti sindingalembe. Ndatseka maso. Ndatsegula kuti ndione ngati zatha. Sizinathe.

Ndayesa kufufuta kuti papezeke malo. Kamera ikundifunsa funso m'chinenero chake, mayankho awiri, sindikudziwa "inde" ndi uti. Komanso agogo a makandulo aja akundiyang'ana. Bwanji ngati anamwalira, ndipo nkhope yawo yatsala muno mokha? Ine ndiwafufute? Chala chakana.

Malo otsala ndi ochepa kwambiri. Batire nayo yatsika, chifukwa zithunzizo ndaziona zonse. Kawiri. Ulendo wachiwiri ndinkafuna kutsimikiza za galu.

Lachisanu

Chikumbumtima sichinandigonetse. Ngati foni ndi yoletsedwa, kamera si foni yopanda pakamwa? Ndapita kwa a Mbewe kukadziulula.

"Imalira?" Ayi. "Imalandira mauthenga?" Ayi. "Ndiye bwerani nayo, mudzajambule gulu lonse." Pofika madzulo mpingo wonse wamva. A Banda akuti adzavala tayi.

Magetsi sanabwerebe. Kwa Che Saidi n'kotseka, atachoka ku mzikiti apitirira kumaliro ku Hauna. Batire ikhala momwemo.

Mayi a Tendai ndi Mmanyika, mtundu wa eni dera lino, anabadwira m'tsinde mwa phirilo. Akundilangiza uku akusita: "Phiri lija salozapo chala. Ukaona chodabwitsa umangoona, pakamwa n'kutseka. Ukaloza limadzifunda." Ndawakumbutsa kuti ndife akhristu. Akuti phiri silifunsa khadi la ubatizo.

M'chikwama: madzi, jekete, Baibulo, kamera yokulunga m'jumbo ya buledi. Pansi penipeni mayi abisamo mbatata yootcha. Tikusala. Ndachita ngati sindinaione, komanso sindinaichotse.

Ndawafunsa Ababa kuti mpatawo umaoneka bwanji, ndingajambule wolakwika. "Ukauona uudziwa." Atembenukira kukhoma. Akutsokomola kwambiri masiku ano.

Loweruka

Tanyamuka kukucha. Kumwamba kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe. Ndikuthokoza mokweza.

Pa mlatho: "Tijambuleni!" Pamene minda ya tiyi ikuthera: "Tijambuleni!" Pa mwala waukulu a Banda akufuna chithunzi chawochawo, ndi tayi, kenako china atanyamula Baibulo, kenako china chifukwa anaphethira. Sinditha kukaniza munthu wamkulu. Kachizindikiro ka batire kafiira.

Phiri ndi lotsetsereka kuposa mmene limaonekera pakhomo. Minga, miyala yoterera, mawondo akulira. Kamera yokha ndiyo sikulemera. Pa chimenechi ndinasankha bwino.

Pamwamba. Mayo ine! Dziko lonse lili pansi, tiyi ngati bulangete lobiriwira, fakitale ngati bokosi la machesi. Ndipo kum'mawa, mbali ya Mozambiki, mapiri awiri atatsamirana, pakati pake mpata, kanjira kofiira kakutsika. Ndaudziwa. Ndithu ndaudziwa!

Ndatambasula dzanja lonse. "Uko! Taonani uko!"

Baba a Rudo, Mmanyika wa m'kwaya, andigwira mkono n'kuutsitsa. "Maiwe. Mwatani?"

Ndikumasula jumbo ya buledi, a Mbewe akweza manja. "Abale, tisanachite china chilichonse, titseke maso."

A Mbewe sapemphera mwachidule. Ayambira odwala, apita kwa amasiye, boma, mitengo ya feteleza, ana athu a ku Joni. Apa ndiulule: diso langa limodzi linali lotsegula. Ndikuona nkhungu ikutuluka m'chigwa, ikukwera pang'onopang'ono ngati munthu wodziwa kumene akupita. Yadya fakitale. Yadya tiyi. Kamera ili m'dzanja langa, chala chili pa batani. Kungokanikiza basi! Koma ikayaka imalira kaphokoso, ndipo ine ndinawauza a Mbewe kuti siilira. Munthu angajambule mkulu wa mpingo akulankhula ndi Mulungu? Ndikudikira Amen. A Mbewe akumbukira achinyamata osuta.

Amen.

Zoyera zokhazokha. Ngakhale tayi ya a Banda sikuoneka. Ndalozetsa kamera kumene kunali mpata, ndakanikiza. Yajambula kamodzi, lenzi yabwerera m'chigoba chake, yazima.

Tadikira mpaka kuzizira kwalowa m'mafupa. Sikunayere. Potsika baba a Rudo akungoyang'ana chala changa. Sindikhulupirira zimenezo. Sindikhulupirira! Komabe ndinalozeranji?

Mbatata ndadyera kuseri kwa chitsamba. Lembani zonse, Ambuye.

Lamulungu

Magetsi abwera, lero, pamene alibenso ntchito.

Ulaliki sindinaumve. Mdyerekezi anakhala nane pa benchi, akundinong'oneza kuti m'khadi muja muli mapiri ambiri a azungu, ndipo maso a Ababa ndi ofooka. Ndalimbana naye mpaka nyimbo yotsekera.

Masana ndagwada pa mphasa yawo. "Ababa, ndalephera. Ndabwera ndi ichi chokha." Ndawaonetsa kamera. Kagalasi koyera, pakona pali kamdima, mwina chala changa.

Aigwira ndi manja onse awiri. Aiyandikiza kumaso. Aiyang'anitsitsa. Ine ndikudikira chilango.

"Ndi pomwepa."

Ndati pepani, sindinamve.

"Ndi pomwepa ndithu. Tsiku tinadutsa kunali chonchi. Sumaona ndi phazi lako lomwe. Amene anali kutsogolo ankangotsokomola kuti timutsate." Apukuta m'maso ndi nsonga ya bulangete. "Wagwira ntchito, mwanawe."

Ndiye kuti mpatawo iwo sanauonepo chibadwire. Amene anauona ndine. Ndayesa kuwafotokozera: mapiri awiri otsamirana, kanjira kofiira, dzuwa likuwala. Andidula. "Iwe unaliko? Usandiuze za njira yanga."

Akufuna chithunzicho ndikachitsukitse ku Mutare, chachikulu, cha mu felemu, chipachikidwe pamene angachione ali chigonere. Mayi a Tendai akuti pepala loyera lilipo kale m'nyumba muno, laulere. A Banda atumiza uthenga kufunsa za tayi yawo.

Ndipita. Ndikaima pa kauntala, ndikaloza chithunzi chopanda kanthu, ndikanena kuti ichi, chachikulu. Akaitananso anzawo kuti adzandione. Kuntchito ndinenanso kuti dzino, ndipo mwina pofika tsikulo likhala likuwawadi.